Msilikali wa ku Bedford Springs ndi Makalata Ake

George Washington Williams anabadwa pa 16 Okotobala 1849 m'kamzinda ka Bedford Springs, m'chigawo cha Pennsylvania ku Amereka. Atate ake anali a Thomas Williams, ndipo amai ake anali a Ellen. Nkhondo ya pachiŵeniŵeni itabuka m'chaka cha 1861 pakati pa zigawo za kumpoto ndi za kumwera, mnyamatayo anali asanakwane zaka khumi ndi ziŵiri; koma pofika 1864, anthu akuda ataloledwa kunyamula mfuti, iye anakalembetsa usilikali ku mbali ya kumpoto. Popeza msinkhu wake unali wosakwana, anapereka dzina losakhala lake.

Bodza la mwana wa zaka 14 limeneli linavutitsa ofufuza mbiri kwa nthaŵi yaitali, pakuti m'kaundula wa nkhondoyo dzina lake lenileni mulibe, kotero kuti zambiri za usilikali wake timazimva kwa mwini wake yekha. Ndipo munthu akamasimba za nkhondo imene anamenya yekha, kaŵirikaŵiri sachepetsa. Nkhondo itatha mu 1865 anakamenyanso ku Mexico, nabwerera ku gulu la nkhondo la kwao mu 1867. Chaka chotsatira chipolopolo chinamlasa m'mapapo, ndipo anamtulutsa usilikali.

Pamenepo anatembenukira ku mabuku. Anatsiriza maphunziro a ubusa ku Newton mu 1874, naŵeta Mpingo wa Twelfth Baptist ku Boston. Chaka chomwecho anakwatira Sarah Sterrett, ndipo anabereka mwana wamwamuna. Chodabwitsa nchakuti munthu amene anasokoneza kaundula wa iye mwini ndiye anadzalemba mbiri ya anthu akuda a ku Amereka, ndi inanso ya asilikali akuda a nkhondo ija, akufunsa asilikali anzake ndi kusanthula makalata a boma mosatopa.

Mu 1890 anayenda m'dziko la Congo, naona ndi maso ake nkhanza zochitidwa m'dzina la Mfumu Leopold II ya ku Belgium. Kalata imene anailembera mfumuyo poyera inali imodzi mwa mboni zoyamba zotsutsa ulamuliro umenewo. Koma za banja lake sizikondweretsa: anali atatalikirana ndi mkazi wake, ndipo pamene anamwalira ndi chifuŵa chachikulu ku Blackpool, ku England, pa 2 Ogasiti 1891, anali atatomera mkazi wina wachingelezi, ukwati woyamba usanathe.

Makalata ake anamwazika. Katswiri wa mbiri, John Hope Franklin, anayamba kuwalondola mu 1945, m'mabuku a mipingo, m'nyuzipepala zakale ndi m'nyumba zosungira makalata za maiko angapo, kufikira anatulutsa buku la moyo wake mu 1985. Manda ake ku Layton, ku Blackpool komweko, anakhala opanda chizindikiro zaka 84, ndipo mwala wolembedwa dzina lake lenileni unaimikidwa mu 1975.