Afiti a pa zionetsero: mbiri ya dzina lomwe ena amalinyadira, ena likuwaphabe

Usiku wolowera m'mwezi wa Ogasiti 1940, anthu ochepa, ambiri mwa iwo achikulire, analowa m'nkhalango ya New Forest kummwera kwa England. Dziko la France linali litagwa kale m'manja mwa Hitler, asilikali a Britain atathawa ku Dunkirk zida zawo atazisiya pagombe, ndipo chomwe chinkalekanitsa Ajeremani ndi England ndi nyanja yosakwana makilomita 35 pamene yapapatiza. Anthuwo anagwirana manja n'kuvina mozungulira mpaka mpweya kutha, mitima yonse ataloza kwa munthu mmodzi ku Berlin, kumuuza kuti nyanja imeneyo sangaiwoloke. Gerald Gardner, yemwe anasimba nkhaniyi pambuyo pake, anati ena mwa okalambawo anamwalira patangopita masiku ochepa chifukwa cha kutopa kwa usiku umenewo. Anthuwo ankadzitcha okha afiti.

Ndikudziwa kuti wowerenga wa kuno kwathu wakwinya kale nkhope. Kwa ife mfiti ndi munthu wouluka pa lichero, wofukula manda, wophunzitsa ana a eni kutamba, wolodza m'bale wake chifukwa cha malire a munda. Wothandiza anthu ndi mankhwala timati sing'anga, ndipo sing'anga ukamutchula mfiti nkhani ikathera kwa amfumu. Ku Ulaya nakonso dzinali linkanunkha chimodzimodzi. Pakati pa 1450 ndi 1750, anthu pakati pa 40,000 ndi 60,000 ananyongedwa kapena kutenthedwa pa milandu ya ufiti, ndipo mwa asanu alionse, pafupifupi anayi anali akazi. Nanga zinatheka bwanji kuti dzina la magazi chotere munthu alilembe pa chikwangwani n'kumayenda nalo mumsewu masanasana?

Gwero lake ndi Gardner yemweyo. Anagwira ntchito m'minda ya tiyi ndi mphira ku Ceylon ndi ku Malaya, kenako m'boma la atsamunda, ndipo atapuma mu 1936 anabwerera kwawo mutu uli ku miyambo ya mizimu. Ankati mu 1939 gulu lina la ku New Forest linamulowetsa m'chipembedzo chakale chomwe chinabisala pa nthawi yosaka afiti. Sakanalankhula poyera, poti lamulo la 1735 lolanga odzitcha amatsenga linali likadalipo, ndipo mu 1944 linatsekera m'ndende Helen Duncan, mayi woitana mizimu ya akufa, atamugamula miyezi 9. Lamulolo litachotsedwa mu 1951, Gardner anatulukira pabwalo, ndipo mu 1954 anasindikiza buku la Witchcraft Today. M'menemo munamera chipembedzo chomwe lero chimatchedwa Wicca: amalemekeza mulungu wamkazi ndi wamwamuna, amasunga zikondwerero 8 zotsata nyengo za chaka, ndipo ambiri amagwira lamulo loti usapweteke munthu aliyense.

Akatswiri a mbiri, monga Ronald Hutton wa pa yunivesite ya Bristol, anapeza kuti chipembedzochi si chakale monga ankanenera Gardner. Chinalukidwa m'nthawi yake yomweyo. Hitler naye anaimitsa ulendo wowoloka nyanja pa 17 Sepitembala 1940 chifukwa ndege zake zinalephera kugonjetsa za Britain, ndipo ine ndimavomereza kuti ndege zimenezo ndi zomwe zinapulumutsa England. Komabe okalamba a m'nkhalango aja amandikhudza mtima. Mfuti sakanatha kunyamula, koma anakana kukhala m'nyumba kudikira tsoka, n'kupereka chomwe anali nacho, ngakhale chinali mpweya wa m'chifuwa basi. Kuyambira pamenepo afiti atsopanowa anali ndi nthano yawoyawo, yonena kuti ntchito yawo yoyamba inali kuteteza dziko.

Ku America zinalowa ndi phokoso. Pa 21 Okutobala 1967, okana nkhondo ya ku Vietnam anasonkhana pa Pentagon, likulu la asilikali, ndipo Abbie Hoffman ndi anzake analengeza kuti anyamula nyumbayo m'mwamba kuti ziwanda za nkhondo zitulukemo. Nyumba sinasunthe, anthu oposa 600 anamangidwa, koma dziko lonse linamva.

Chaka chotsatira, pa 31 Okutobala 1968, tsiku la Halloween pamene ana a kumeneko amavala zoopseza, kagulu ka amayi kanatulukira ku Wall Street, msewu wa mabanki ndi msika wa masheya ku New York. Anadzikongoletsa ngati mfiti ya m'nthano za Azungu, ya nsalu zakuda ndi chipewa chosongoka, yomwe imauluka pa tsache osati pa lichero. Anayenda khomo ndi khomo akutemberera mabanki, kuphatikizapo Chase Manhattan, yomwe inkadzudzulidwa kale chifukwa chobwereketsa ndalama boma la tsankho la South Africa. Dzina lawo linali W.I.T.C.H., kutanthauza mfiti m'Chingerezi, ndipo anachokera m'gulu la New York Radical Women lomwe mwezi wa Sepitembala linali litasokoneza mpikisano wa chiphadzuwa cha Miss America. Tsiku lotsatira mitengo ya masheya inatsika, ndipo Robin Morgan, mmodzi wa atsogoleri awo, nkhaniyo ankaisimba zaka zambiri.

Ambiri mwa amayiwa sankakhulupirira matsenga ngakhale pang'ono. Chomwe chinkawawawa chinali cha masana: banki inkatha kukaniza mkazi ngongole mwamuna asanasaine, mpaka lamulo la 1974 linaletsa zimenezo, manyuzipepala ankalengeza ntchito za amuna pakepake, za akazi pakepake. Maganizo awo anali oti mfiti ndi dzina lomwe amuna amapatsa mkazi amene wakana kugwada, wolankhula pa bwalo, wamasiye wokakamira munda wake. Ndiye m'malo molithawa analitola n'kulivala. Mkazi aliyense wolimba mtima kudzitchula choncho katatu, iwo ankati walowa kale m'gulu, popanda khadi, popanda msonkho. Nzeru imeneyi ndi yakuya. Chitonzo chimaluma pamene mwini wake akuchiopa; akachisandutsa nsalu yake, wotonza amatsala manja lende.

Sikuti zonse anachita bwino. Ankalalikira kuti akazi 9 miliyoni anatenthedwa ku Ulaya, chiwerengero chokokomeza kutalitali. Mu Febuluwale 1969 analowa pa chionetsero cha zovala za ukwati ku Madison Square Garden n'kumasula timakoswe toyera pakati pa atsikana ndi amayi awo. Amene anakuwa ndi kuchita manyazi ndi akazi omwewo amene ankati akuwamenyera nkhondo, ndipo Morgan anadzavomera pambuyo pake kuti pamenepo analakwa. Pofika 1970 gululo linali litazilala.

Wophatikiza zionetsero ndi chikhulupiriro chenicheni anali Miriam Simos, wodziwika ndi dzina loti Starhawk, yemwe buku lake la The Spiral Dance linatuluka mu 1979, chaka chomwe ngozi ya pa Three Mile Island inaopseza America yense za magetsi a nyukiliya. Iye ndi anzake anayambitsa gulu la Reclaiming ku San Francisco. Mu Sepitembala 1981 anali nawo pakati pa anthu otseka zipata za Diablo Canyon, malo opangira magetsi a nyukiliya omangidwa pafupi ndi mng'alu wa zivomezi, ndipo m'milungu iwiri anthu pafupifupi 1,900 anamangidwa.

Apa ndi pamene ndimaona pagona mphamvu ya zonsezi. Starhawk ankaphunzitsa kuti matsenga ndi luso losintha maganizo a munthu mwadala. Asanakumane ndi apolisi, anthu ankaima mozungulira, mapazi atapondetsa pansi, kupuma pamodzi pang'onopang'ono, kenako kuimba kanyimbo kakafupi mobwerezabwereza mpaka mawondo asiye kunjenjemera. Munthu wamantha amathawa kapena amatola mwala, ndipo zonse ziwiri zimapha zionetsero zamtendere. Munthu amene mtima wake wakhala pansi amatha kukhala chete pa msewu wapolisi akumukoka mkono. M'ndende namo ankachita zomwezo, kuti amene akulira asalire yekha. Aliyense amene ananyamulapo maliro mtunda wautali akudziwa chomwe nyimbo imachita m'miyendo yotopa.

Ku England, mwezi womwewo wa Sepitembala 1981, amayi 36 omwe anayenda pansi kuchokera ku Cardiff anafika ku Greenham Common, bwalo la ndege za nkhondo lomwe America inkafuna kuikapo mizinga 96 ya nyukiliya. Anamanga misasa pa chipata ndipo sanachoke. Pa 12 Disembala 1982 amayi 30,000 anagwirana manja kuzungulira mpanda wonse wa makilomita pafupifupi 14. Pa waya anapachikapo zithunzi za ana awo ndi tizovala ta makanda, n'kulukapo ulusi wa ubweya ngati ukonde wa kangaude, wooneka wofooka koma wovuta kuumasula. Kumapeto kwa Okutobala 1983 anadula mpandawo ndi zodulira waya, ena atavala ngati afiti. Si onse anali a Wicca. Munali Akhristu, munali osapemphera konse. Mizinga inachoka mu 1991 potsatira pangano lomwe Reagan ndi Gorbachev anasaina mu 1987, ndipo msasa womaliza unapasulidwa mu 2000, patatha zaka 19 za matope, chisanu ndi kuthamangitsidwa ndi apolisi.

Za masiku ano ndizidutsa mofulumira, poti sizindikhutiritsa. Pa 24 Febuluwale 2017, pakati pa usiku, anthu ambiri anatsatira mwambo womwe Michael M. Hughes anafalitsa pa intaneti "womanga" Donald Trump: chithunzi chake, kachidutswa ka kandulo ya mtundu wa lalanje, mchere, madzi ndi chingwe. Mu Okutobala 2018 sitolo ya mabuku ya Catland ku Brooklyn inachititsa mwambo wotemberera woweruza Brett Kavanaugh. Kavanaugh akadali pa mpando wake, ndipo Trump anapambananso chisankho mu 2024. Afiti eni ake anagawanika, ambiri akuti kutemberera munthu n'kuphwanya lamulo lawo loti usapweteke aliyense. Ine ndili kumbali imeneyo. Ife timadziwa kumene mawu oti "uona" amathera: woyankhulidwayo akangodwala malungo, nyumba ya woyankhulayo imayaka. Komanso kuyatsa kandulo m'chipinda n'kuika chithunzi pa Facebook sikungafanane ndi kugona m'matope a Greenham.

Ntchito yomwe ndimaiona kuti inaphula kanthu inachitika popanda temberero lililonse. Mu 2020 loya Claire Mitchell ndi mlembi Zoe Venditozzi anayambitsa Witches of Scotland, kupempha kuti dziko la Scotland lipepese anthu pafupifupi 4,000 omwe anaimbidwa milandu pansi pa lamulo la ufiti la 1563, ndipo mwa iwo pafupifupi 2,500 anaphedwa. Pa 8 Malichi 2022 nduna yaikulu Nicola Sturgeon inaima m'Nyumba ya Malamulo n'kupepesa. Mmodzi wa opepesedwawo ndi Lilias Adie wa ku Torryburn, yemwe anafera m'ndende mu 1704 atamukakamiza kuvomera. Anamukwirira m'matope a m'mphepete mwa nyanja n'kumutsindira chimwala chachikulu poopa kuti angadzuke. Chimwalacho chilipo mpaka lero, madzi akaphwa chimaoneka, ndipo anthu amapita kukaikapo maluwa. Pa kalembera wa 2021 ku England ndi Wales, anthu 13,000 analemba okha kuti chipembedzo chawo ndi Wicca, osaopa kuti mawa wina agogoda pakhomo.

Kumudzi kwathu kunali gogo wina wamasiye, wamaso ofiira ndi utsi wa nkhuni. Akafika pa mjigo, amayi ankakokera ana awo kumbuyo, nkhani n'kuduka. Palibe ankamuthandiza kusenza ndowa. Ankaikweza yekha, kuyamba pa bondo, kenako pa phewa, kenako pamutu, madzi akumukhuthukira m'khosi. Mlandu wake unali woti ana ake onse anatsogola iye n'kutsala. Ndinali mwana, ndipo nanenso ndinkathawa. Mayi ameneyo sakanatha kuvala chipewa chosongoka n'kunena kuti dzinalo ndi lake, chifukwa kwathu kuno dzinalo likadali ndi mano. Lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu mfiti ndi kumwetsa mwabvi, ndipo mu Julayi 2021 bungwe la United Nations loona za ufulu wa anthu linagwirizana zodzudzula nkhanza zochitira oganiziridwa ufiti, koma pepala silifika pa mjigo. Mu Januwale 2016, mphenzi itapha mtsikana wina ku Neno, anthu anakatenga okalamba anayi n'kuwapha, akuti ndiwo anatuma mphenziyo. Chaka chimenecho panali patatha zaka 312 Lilias Adie atakwiriridwa pansi pa chimwala chake.