Mbiri ya mkaka wa m'khola la mlimi wamng'ono

Dzuwa lisanatuluke, tinjira ta ku Bvumbwe, Thunga ndi Goliati m'boma la Thyolo timakhala titadzaza kale ndi anthu onyamula zigubu. Ena azimangirira panjinga, ena asenza pamutu. Onse akuthamangira malo amodzi, kumene mkaka ukayezedwe, ulembedwe m'buku, uthiridwe m'thanki yoziziritsira usanasase. Ambiri mwa anthuwa ali ndi ng'ombe imodzi kapena ziwiri basi, komatu mkaka wambiri umene mafakitale a m'dziko muno amagula umachokera kwa iwowa, osati ku mafamu akuluakulu.

Ulimi umenewu wadutsa m'manja ambiri: a atsamunda, a boma, a makampani ndi a mabungwe. Aliyense anabwera ndi ng'ombe zake, malamulo ake ndi malonjezo ake. Zina zinagwa, zina zilipo mpaka lero. Tikayang'ana bwino zimene zinatsala, tiona chimene chimachititsa kuti ulimi wa mkaka ukhale wokhalitsa.

Ng'ombe ya linunda ndi ng'ombe ya mzungu

Kukama sikunabwere ndi azungu. Angoni a ku Mzimba, Ntcheu ndi Dedza, Angonde a ku Karonga komanso mabanja ena a zigwa zoweta ng'ombe ankakama kale. Mkaka unali wa pakhomo. Wina ankamwa ana, wina ankausiya kuti usase n'kukhala chambiko chodyera nsima. Ng'ombe yake inali yamakolo ija ya linunda, imene akatswiri amaitcha Malawi Zebu. Ndi ng'ombe yopirira: imayenda mtunda wautali kusaka msipu, imalimbana ndi nkhupakupa, ndipo chilimwe imachidutsa ngakhale itaonda. Koma mkaka wake ndi wochepa, lita imodzi kapena awiri patsiku, ndipo mwana wake naye amadikira womwewo.

Amishoni ndi eni maesiteti atakhazikika m'mapiri a Blantyre, Zomba, Thyolo ndi Mulanje, anaitanitsa ng'ombe za kwawo monga Friesian, Jersey ndi Ayrshire. Nyengo yozizirirapo ya m'maderawa inazikomera. Mkaka ndi batala zinkapita m'nyumba za azungu ndi za anthu ochepa a m'tauni. Mmalawi ankagwira ntchito yodula udzu, kukama ndi kusesa m'khola, koma ng'ombe ndi phindu sizinali zake. Komabe luso linatsala m'manja mwake, ndipo sizodabwitsa kuti mpaka lero mkaka wochuluka umachokera m'dera lomwelo, m'maboma a Thyolo, Chiradzulu, Mulanje ndi Blantyre.

Boma lilowapo

Dziko litalandira ufulu mu 1964, matauni anayamba kukula ndipo ofuna mkaka anachuluka. Boma linaganiza zoti mlimi wa kumudzi ndiye adyetse tauni. Pansi pa bungwe la Malawi Milk Marketing, fakitale ya mkaka inatsegulidwa ku Blantyre mu 1969, ina ku Lilongwe mu 1973, yachitatu ku Mzuzu mu 1974. Mizinda itatuyi ndiyo inakhala mitima ya madera atatu a mkaka amene tikuwadziwa lero.

Fakitale payokha sikama. Panafunika ng'ombe zotulutsa mkaka wambiri zomwenso zingapirire kumudzi. Njira inali yokweretsa ng'ombe zamakolo ndi nkhunzi za Friesian, kapena kuzipatsa umuna wa nkhunzizo pogwiritsa ntchito zipangizo, ntchito imene malo a zoweta a Mikolongwe anadziwika nayo. Ana obadwa motere ankatenga mkaka kwa bambo, kupirira kwa mayi. Alimi osankhidwa ankalandira ng'ombe zoterezi pangongole, atamanga khola ndi kubzala msipu, ndipo ankabweza pang'onopang'ono kuchokera pa ndalama za mkaka.

Chinthu chachikulu chimene nyengo imeneyi inasiya ndi magulu osonkhanitsa mkaka, amene alimi amangowatchula kuti ma bulking group. Galimoto ya fakitale singayende khomo ndi khomo kutolera malita asanu apa, asanu ndi atatu apo. Choncho alimi a dera limodzi anagwirizana kukhala ndi malo amodzi, thanki imodzi, komiti imodzi ndi buku limodzi. Pamalopo mkaka umayezedwa kawiri: ndi kachipangizo koonera ngati wathiridwa madzi, komanso ndi mankhwala oonera ngati wayamba kusasa. Wolephera umabwezedwa mwiniwake akuona. Dongosolo limeneli laona maboma akusintha, makampani akugulitsidwa, mapulojekiti akutha, koma lilipobe.

Mu 1979 boma la Malawi ndi la Canada anagwirizana za ntchito yaikulu yotukula ng'ombe za mkaka. Ng'ombe za mtundu wa Holstein-Friesian zinabwera kuchokera ku Canada n'kuikidwa ku mafamu a Ndata kummwera ndi Katete ku Lilongwe, kuti zichulukane ndi kufalitsa mbewu yabwino. Zinakweza ndithu mtundu wa ng'ombe m'dziko muno. Koma zinaphunzitsanso alimi chinthu chowawa. Ng'ombe imene kwawo imakamidwa malita oposa 20 patsiku, ikafika pakhomo popanda udzu wokwanira ndi madzi, mkaka umatsika, imachedwa kutenga bere, ndipo chigodola chikaigwira imafa msanga kuposa yamakolo.

Mafakitale agulitsidwa

M'zaka za m'ma 1980 dziko linalowa m'ndondomeko zosintha kayendetsedwe ka chuma motsatira malangizo a World Bank ndi IMF. Mu 1985 ntchito za Malawi Milk Marketing zinaperekedwa ku kampani ya boma ya Malawi Dairy Industries, imene inauzidwa kuti izidziyendetsa ngati bizinesi. Chaka chomwecho alimi a kummwera anakhazikitsa bungwe lawo la Shire Highlands Milk Producers Association, lodziwika kuti SHMPA. Chigawo chapakati chili ndi lake la CREMPA, ndipo kumpoto kuli Mpoto Dairy Farmers Association.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, boma linagulitsa mafakitale onse atatu. Ya ku Blantyre inakhala Dairibord Malawi, mothandizana ndi kampani ya Dairibord ya ku Zimbabwe. Ya ku Lilongwe inakhala New Capital Dairy, ya ku Mzuzu inakhala Northern Dairy Industries. Makampani ena monga Lilongwe Dairy ndi Suncrest Creameries analowanso pamsika.

Kwa mlimi, kusinthaku sikunathere pa dzina la wogula. Nthawi yomweyo ntchito za boma zosamalira ziweto zinkachepa. Madipi ambiri osambitsira ng'ombe anasiya kugwira ntchito, alangizi a ziweto anachepa, ndipo mlimi anayamba kudzigulira yekha mankhwala opopera nkhupakupa. Ntchito zimene boma linasiya zinagwera magulu a alimi. Gulu lolimba linaphunzitsa anyamata ake kupereka umuna kwa ng'ombe ndi kupereka chithandizo choyamba, linayamba kugula madeya ndi mankhwala pamodzi n'kumadula pa ndalama za mkaka mwezi ukatha. Gulu lofooka linagwa, ndipo alimi ake anabwerera kogulitsa mkaka kwa mavenda a njinga.

Mwana wa ng'ombe apite kwa mnzako

Pamene boma linabwerera m'mbuyo, mabungwe analowa. Land O'Lakes, ndi thandizo la USAID, inagwira ntchito ndi magulu a mkaka kwa zaka zambiri. Heifer International ndi bungwe la m'dziko muno la Small Scale Livestock Promotion Programme anafalitsa njira yopatsirana. Banja limalandira ng'ombe yaikazi ya bere, ndipo ikabereka mwana wamkazi woyamba, amaleredwa n'kuperekedwa kwa banja lina la m'gulu lomwelo. Ngongole imabwezedwa ndi ng'ombe, osati ndalama, ndipo woyembekezera amakhala ndi chifukwa choyenderera khola la mnzake kuti aone ngati mwanayo akudya bwino. Mu 2013 boma la Joyce Banda linatengera njira yofananayo pa ndondomeko ya ng'ombe imodzi pa banja.

Njira imeneyi inatsegulira khomo amayi ambiri, kuphatikizapo amasiye, amene sakanatha kugula ng'ombe yamakono ndi ndalama zawo. Mosiyana ndi fodya kapena chimanga zimene zimabweretsa ndalama kamodzi pachaka, mkaka umalipira mwezi ndi mwezi. Fizi ya ana, malata a nyumba ndi feteleza zatuluka m'makola ambiri. Koma kupatsiranaku kumayenda pokhapokha ng'ombe ikamabereka. Bere la ng'ombe ndi miyezi 9, ndipo ng'ombe yodyetsedwa bwino iyenera kubereka pafupifupi chaka chilichonse. Yosowa chakudya imatha zaka ziwiri osatenga bere, ndipo mzere wonse wa mabanja oyembekezera umaima.

Udzu, madzi ndi ndowe

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ku Thyolo ndi Chiradzulu anthu ndi ochuluka, minda ndi yaing'ono, ndipo malo aakulu ku Thyolo ndi Mulanje ali pansi pa tiyi. Kulibe dambo lodyetsera ng'ombe. N'chifukwa chake ng'ombe ya mkaka imakhala m'khola tsiku lonse, chakudya n'kumaipeza komweko. Ng'ombe yaikulu yokamidwa imadya udzu wauwisi wokwana makilogalamu 50 kapena kuposerapo patsiku, ndipo imamwa madzi oposa malita 60, makamaka kukatentha. Zonsezi zimafika pakhola pamutu kapena panjinga, ndipo kawirikawiri osenza ndi amayi ndi ana.

M'dzinja udzu sasowa, mkaka umachuluka. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, nsenjere zimauma, anthu amapita kutali kukamweta m'mbali mwa mitsinje, ndipo mkaka umatsika. Chaka cha njala zinthu zimafika poipa, chifukwa madeya amene ng'ombe imadalira amasanduka chakudya cha anthu ndipo mtengo wake umakwera. Zinatero pa chilala cha 2016 ndi cha 2024. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakantha maboma omwewo a mkaka, nakokolola minda, ziweto, misewu ndi milatho.

Alimi amene ayima nji m'zaka zovutazi ndi amene anasamala za chakudya asanasamale za mtundu wa ng'ombe. Amabzala nsenjere m'malire a munda ndi m'migula, mmene mizu yake imagwiranso nthaka kuti isakokoloke. Amabzala mitengo ya lukina ndi calliandra imene masamba ake amalimbitsa thupi la ng'ombe ndipo mizu yake imabwezeretsa chonde. Akakolola satentha mapesi kapena zotsalira za mtedza ndi soya, amazisunga pouma. Udzu wa m'dzinja amauumitsa pamthunzi kapena kuukwirira m'dzenje kuti udzathandize m'chilimwe.

Ng'ombeyo nayo imabweza. Ndowe ndi mkodzo zosonkhanitsidwa m'khola la simenti zimasanduka manyowa, ndipo pamene thumba la feteleza lakwera mtengo chonchi, dimba ndi munda wa mlimi wa mkaka zimaoneka zosiyana ndi za mnansi wake. Mabanja ena amathira ndowe m'thanki yotsekedwa n'kupeza gasi wophikira, motero nkhuni ndi makala zimachepa pakhomo. Za kusintha kwa nyengo zimene dziko lonse likudandaula nazo zikukhudzanso khola limeneli. Ng'ombe ikamabzikula imatulutsa mpweya wa methane umene umathandizira kutentha kwa dziko. Ng'ombe yanjala yopereka malita atatu imatulutsa mpweya wambiri pa lita iliyonse kuposa yokhuta yopereka malita khumi ndi asanu. Kudyetsa bwino ng'ombe zochepa kumapindulira mlimi ndi chilengedwe nthawi imodzi.

Thanki ndi mtengo

Ngakhale mlimi achite zonse bwino, mkaka umatha kuwonongekera pathanki. Mkaka wongokamidwa umafunika kuziziritsidwa kufika pa madigiri 4 pasanathe maola ochepa. Magetsi akazima tsiku lonse, gulu limayatsa jenereta ngati dizilo alipo, ndipo ndalama yake imadulidwa kwa mlimi. Ngati palibe, kapena galimoto ya fakitale yalephera kufika chifukwa cha matope, mkaka wa mudzi wonse umasasa. Magulu ena ayamba kuziziritsa ndi magetsi a dzuwa, ndipo njira imeneyi ndi yoyenera kufika pa thanki iliyonse.

Kenako pali mtengo. Kwa zaka zambiri alimi akhala akudandaula kuti ndalama imene amalandira pa lita ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa paketi m'sitolo, pomwe madeya, mchere ndi mankhwala zikukwera. Mafakitale nawo amati mkaka umabwera wochepa, makina awo sagwira ntchito mokwanira, ndiponso amapikisana ndi mkaka wa ufa wochokera kunja. Mlimi akaona kuti venda akulipira pompopompo, amagulitsa kumeneko, ndipo mkaka wosaphikidwa kufakitale, nthawi zina wothiridwa madzi, umafika m'makomo a m'tauni. Pamenepo gulu limafooka, thanki siidzaza, ndipo onse amaluza. Zonsezi zikuchitika m'dziko limene munthu mmodzi samwa ngakhale malita 10 a mkaka pachaka, pomwe ana ambiri ndi opinimbira chifukwa chosowa chakudya choyenera.

Zaka zoposa 50 za ulimi umenewu zaonetsa kuti kugawa ng'ombe ndi gawo losavuta. Mafakitale a boma anasintha eni, mapulojekiti anabwera n'kupita, koma gulu la alimi, munda wa nsenjere ndi mwana wa ng'ombe wopita kwa mnansi ndi zimene zasunga mkaka wa dziko lino. Boma, makampani ndi mabungwe amene akufuna kuthandiza ayambire pamenepo: mbewu ya msipu, madzi pafupi ndi khola, mlangizi wa ziweto wofikirika, magetsi osazima pathanki, msewu wodutsika m'dzinja ndi mtengo umene mlimi wakhala nawo pansi pokambirana. Ndipo inu alimi amene dzina lanu lili pa mndandanda wolandira ng'ombe, bzalani udzu mvula ya chaka chino, ng'ombe isanafike.