Update ndi upgrade si chinthu chimodzi

Mukapita ndi foni kwa okonza mumsika wa Kawale kapena ku Area 25, mumva akuti “ikufuna update”, ngakhale pamene chikufunika ndi upgrade. Mawu awiriwa ndi osiyana, ndipo kuwasokoneza kumapweteka thumba.

Update ndi kukonza pulogalamu yoyendetsa foni kapena kompyuta imene muli nayo kale: kuchotsa zolakwika ndi kutseka mipata yolowera akuba. Kuli ngati kumata ming'alu pakhoma dzinja lisanafike, nyumba n'kukhala yomweyo. Microsoft imatulutsa ma update achitetezo a Windows Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse.

Upgrade ndiye kusamukira ku mtundu watsopano, monga kuchoka pa Windows 10 kupita pa Windows 11, kapena pa Android 13 kupita pa 14. Imadya bandulo kwambiri, ndipo si makina onse angaikwanitse. Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4GB komanso kachipangizo ka TPM 2.0, kamene malaputopu akale ambiri alibe. Nkhaniyi yakula tsopano, poti Microsoft idasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025.

Ambiri amazimitsiratu zoti update izilowa yokha poopa kuti bandulo ya Airtel kapena TNM itha usiku umodzi. Mantha ake ndi omveka, koma foni imatsala pambalambanda. Sankhani kuti izilowa pa Wi-Fi pokha, ndipo pa Windows yatsani metered connection kuti kompyuta isamadye bandulo yambiri.

Koma upgrade musaivomere mothamanga. Yambani mwasunga zithunzi ndi manambala kwina, batire itadzaza, chifukwa ikathera pakati foni ingathe kukana kuyaka.