Fumbi Lopha Tizilombo

Kolera atavuta mu Lusaka kumayambiriro kwa 2024, bwalo la National Heroes linasanduka chipatala, ndipo kuyambira ku Kabwata mpaka ku Chelstone nkhani inali ya madzi ndi klorini basi. Ine maganizo anga anali pa mkuwa.

Nkhaniyi ndi yakale. M'zaka za m'ma 1850 ndi 1860, dokotala wa ku Paris, Victor Burq, anaona kuti anthu osula mkuwa sankafa kwambiri ndi kolera. Mu 1893 ntchito ya Carl Nägeli inasonyeza kuti kamkuwa kapena kasiliva kochepetsetsa m'madzi kamapha tamoyo tosaoneka ndi maso. Kenako Alexander Fleming anatulukira penisilini mu 1928, ndipo zitsulo zinaiwalika. Zinakumbukiridwa mabakiteriya atayamba kupima mphamvu mankhwala, vuto limene madokotala a ku chipatala cha UTH akulimbana nalo lero.

Pobwerera, zitsulozo zinabwera ngati fumbi losaposa mananomita 100, moti m'lifupi mwa tsitsi limodzi mungandandalike timibulu mazanamazana. Mu 1994 Rameshwar Bhargava ndi anzake anathira manganizi pang'ono m'timibulu ta zinki wosakanikirana ndi salufa. Iwo ankafuna kuwala, osati mankhwala. Koma njira yomweyo, yothira chitsulo china ngati mchere m'ndiwo, ndi imene ena anaitola. Akathiramo mkuwa kapena siliva, fumbilo limayamwa bwino dzuwa, n'kutulutsa okosijeni waukali amene amang'amba khungu la bakiteriya, kwinaku chitsulo chikusungunuka pang'onopang'ono n'kumalizitsa ntchito.

Chimene chimandikhudza n'chakuti miyala imeneyi ndi yathu. Mkuwa wambiri wa ku Copperbelt umakumbidwa uli wogwirana ndi salufa, ndipo zinki wotereyu ankakumbidwa ku Kabwe mpaka mgodi unatsekedwa mu 1994 momwemo. Komatu Kabwe yemweyo ndi amene amandichititsa mantha: mtovu wa mgodiwo udakali m'dothi ndi m'magazi a ana. Fumbi lopha bakiteriya likhoza kuvulazanso impso, makamaka likakhala la chitsulo cha kadimiyamu.

N'chifukwa chake zambiri mwa izi zidakali m'mbale za mu labotale. Ndikanakonda akatswiri a ku yunivesite ya UNZA atatunga madzi m'mijigo ya ku Woodlands ndi Kabulonga, komanso m'zitsime za ku Kanyama, n'kuyesa okha ngati fumbili lingawayeretse popanda kusiyamo poizoni.