Nsolo ku Livingstone: masewera amodzi, maina ambiri

Mbiri ya mlatho wa pa Mosi-oa-Tunya ili m'mabuku: unatha kumangidwa mu 1905, ndipo chaka chomwecho azungu amene ankavutika ndi malungo ku Old Drift anayamba kusamukira kumtunda, kumene kuli tauni ya Livingstone lero. Mbiri ya nsolo ndi yosiyana. Nsolo amaukumba pansi, mvula ikagwa maenje amafufutika. Chimene chimatsala ndi maina, ndipo m'mainamo ndi mmene mungaonere anthu amene anadzaza tauni imeneyi.

Mtonga amati chisolo. Mbemba amati isolo kapena icisolo. Mlozi amati mulabalaba. Ife akum'mawa timati nsolo, ndipo mukaoloka Zambezi kulowa m'Zimbabwe mukamva Mshona akuti tsoro. Tamvetserani bwino: solo, solo, tsoro. Muzu wake ndi umodzi. Izi zikusonyeza kuti masewerawa sanabwere ndi sitima ya pamtunda ayi. Analipo kale m'midzi ya mitundu yonseyi, ndipo chimene tauni inachita ndi kungowakumanitsa. Dzina la Chilozi lokha ndilo lapatuka, ndipo limasokoneza, chifukwa likufanana ndi morabaraba wa ku South Africa ndi ku Lesotho, amene ndi masewera ena ndithu, ondandalika timiyala titatu pamzere.

Nanga anthuwa anakumana bwanji? Mu 1907 boma la North-Western Rhodesia linachoka ku Kalomo kubwera ku Livingstone, ndipo kuyambira 1911 mpaka 1935 tauniyi inali likulu la Northern Rhodesia yense, lisanasamukire ku Lusaka. Likulu limafuna antchito. Atoka ndi Aleya a kwa Mukuni ndi kwa Sekute ndiwo anali eni nthaka. Alozi ankatsika ndi mtsinje kudzafuna ntchito, ambiri ku kampani yocheka matabwa ya Zambezi Sawmills, imene njanji yake inakafika ku Mulobezi. Ena ankangodutsa, ulendo wa ku mgodi wa malasha ku Wankie kapena ku Bulawayo. Chinyanja chinalowa ndi apolisi, asilikali ndi makalaliki, ena ochokera ku Fort Jameson, ena ku Nyasaland. Anthu osamvana chilankhulo angathe kukhala pansi n'kusewera nsolo madzulo onse, pakuti maenje ndi miyala sizifuna womasulira. Mkangano umabuka pa malamulo pokha.

Kasewerede kake, kwa amene anakulira pa foni, ndi aka. Pamakhala mizere inayi ya maenje, iwiri yanu, iwiri ya mnzanu. Mumatola miyala yonse m'dzenje limodzi n'kumagwetsa umodziumodzi mozungulira mizere yanu yokha. Mwala wotsiriza ukagwera m'dzenje momwe muli ina, mumatola yonse n'kupitiriza. Ukagwera m'dzenje lopanda kanthu pamzere wam'kati, moyang'anana ndi miyala ya mnzanu, mwadya. Amene miyala yamuthera wagonja. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amagwira zimenezi tsiku limodzi, koma kuona kumene mwala wanu ukathere mutazungulira katatu, pamenepo mpamene pamaoneka madoda. Kutalika kwa mizere kulibe lamulo limodzi: ena amakumba maenje asanu ndi atatu, ena amapitirira kwambiri mpaka kumasewera m'magulu, anthu angapo mbali iliyonse, wina kulandira pamene dzanja la mnzake silikufika.

Apa pali kusiyana ndi bawo wa ku Malawi, amene ndi m'bale wa bao wa ku Zanzibar ndi kugombe la Aswahili. Bawo ali ndi maenje 32 ndi njere 64, ali ndi "nyumba", ndipo zimene wadya umazibwezera kumbali yako n'kupitiriza nazo. Malamulo ake ndi ambiri. Ineyo ndimaona kuti kuphweka kwa nsolo ndiko kunamuthandiza kuyenda: sufunika thabwa losema, sufunika mphunzitsi wa mwezi wathunthu.

Olemba mabuku anachedwa kuzindikira zonsezi. Meredith Sanderson, dokotala wa ku Nyasaland, anafotokoza masewera a mtundu uwu mu 1913. Mu 1952 H. J. R. Murray anatulutsa buku la mbiri ya masewera a pabolodi, m'mene anagawa banja lonseli potengera kuchuluka kwa mizere: iwiri, itatu kapena inayi. Ya mizere iwiri ndiyo yofala kumadzulo kwa Africa, monga oware wa ku Ghana. Ya mizere inayi ndi yathu ya kum'mawa ndi kumwera, pamodzi ndi omweso wa ku Uganda. Kenaka mu 1956 J. H. Chaplin analemba nkhani yaifupi ya masewerawa m'Northern Rhodesia m'magazini ya Man. Dzina limene Murray ndi Chaplin anagwiritsa ntchito, mancala, ndi lochokera ku Chiarabu, ku liwu lotanthauza kusuntha. Palibe gogo wa ku Libuyu kapena ku Dambwa amene anatchulapo dzina limenelo.

Chondidabwitsa n'chakuti tauni imene ili ndi nyumba yosungiramo zakale yoyamba m'dziko lino, Livingstone Museum, imene inayamba mu 1934, ndi tauninso imene mwana angakulemo osagwirapo mwala wa nsolo. Pamisika ya ziboliboli mupeza mabolodi okongola osemedwa pamtengo, ogulitsa kwa alendo odzaona mathithi, ndipo ambiri amakathera pashelefu ku Ulaya. M'makomboni drafuti ya zitsekerero za mabotolo ndi tebulo la pool zinatenga malo. Mabwalo ambiri a nyumba anawaka simenti, ndipo pasimenti sipakumbika dzenje.

Komabe nsolo sufuna zambiri. Mathireyi awiri a mazira mutawalumikiza amakwana mizere inayi, njere za mlambe kapena timiyala ta m'mbali mwa msewu zikwanira. Chovuta n'kupeza wamkulu woti anene malamulo, ndipo mukapeza awiri, Mtonga ndi Mlozi, konzekani kudikira kaye kuti agwirizane ngati wodya amatenganso za m'dzenje lakumbuyo kapena ayi.