Mbiri ya Ngwazi ndi Magulu Ankhondo m'Nthano za Chihindu

Nthano za nkhondo zimene Ahindu amasimba zinakula pang'onopang'ono kwa zaka pafupifupi 2,000, ndipo m'kukula kwakeko mbiri ya msilikali wolemekezeka inasintha kwambiri, pakuti amene poyamba ankatamandidwa chifukwa cha nyonga zake zokha anadzayamba kufunsidwa ngati anamenya nkhondoyo mwachilungamo.

Gwero lakale kwambiri ndi Rigveda, nyimbo 1,028 zotamanda milungu zimene zinapekedwa m'chinenero cha Sanskrit kumpoto chakumadzulo kwa India cha m'ma 1500 mpaka 1200 Khristu asanabadwe, ndipo zinkasungidwa poloweza pamtima. Ngwazi yaikulu m'nyimbozi ndi Indra, mulungu wa mabingu, amene ndi chida chake cha mphenzi chotchedwa vajra anapha chinjoka Vritra chimene chinatsekereza madzi. Milungu ya mkuntho, a Marut, ndiyo inali asilikali ake. M'nyimbo zomwezo muli Nkhondo ya Mafumu Khumi, imene mfumu Sudas ya fuko la Bharata inapambana pa mtsinje wa Parushni, umene lero umatchedwa Ravi. Nkhondo za nthawiyi zinali zolimbirana ng'ombe, madzi ndi msipu, ndipo kupambana kokhako kunali umboni wokwanira wakuti milungu ili kumbali ya wopambanayo.

Mu Ramayana, ndakatulo ya mavesi pafupifupi 24,000 imene mwambo umati inapekedwa ndi Valmiki, nkhondo imamenyedwa pofuna kukonza cholakwa. Ravana, mfumu ya ziwanda ya mitu khumi yolamula ku Lanka, anaba Sita mkazi wa Rama, ndipo Rama, amene anali atapirikitsidwa kwawo wopanda asilikali, anapangana ubale ndi Sugriva mfumu ya anyani, natsogolera khamu la anyani ndi zimbalangondo limene linamanga mlatho wowolokera nyanja. Mbali ya Ravana inali ndi ngwazi zoopsa monga chimphona Kumbhakarna ndi Indrajit, amene nthano imati anagonjetsa Indra yemweyo, zimene zikusonyeza kuti mulungu wakale wa nkhondo anali atatsika ulemu. Apa amene akukwezedwa ndi nyani Hanuman, chifukwa cha kukhulupirika kwake kwa Rama, ndi Vibhishana, amene anasiya mbale wake Ravana posafuna kuima kumbuyo kwa choipa.

Mahabharata, imene mwambo umati ndi ya Vyasa ndipo inafika pa msinkhu wa mavesi pafupifupi 100,000 pakati pa chaka cha 400 Khristu asanabadwe ndi chaka cha 400 atabadwa, ndiyo inakonza dongosolo lonse la nkhondo. Imasimba za ana a pachibale, a Pandava asanu ndi a Kaurava 100, amene analimbirana ufumu kwa masiku 18 pa chigwa cha Kurukshetra, m'chigawo chimene lero ndi Haryana. Gulu lankhondo linali ndi nthambi zinayi, za magaleta, njovu, akavalo ndi oyenda pansi, ndipo muyeso wake waukulu unali akshauhini, kutanthauza magaleta 21,870, njovu 21,870, akavalo 65,610 ndi oyenda pansi 109,350. A Kaurava anali ndi magulu otere 11 pamene a Pandava anali ndi 7. Ngwazi zinkaikidwa m'magawo, kuyambira rathi, womenya nkhondo pa galeta, kukafika kwa atirathi ndi maharathi, olimbana okha ndi khamu, ndipo Bhishma, mkulu wa asilikali a Kaurava, atamutcha Karna, ngwazi ya mbali yomweyo, theka la rathi, chidani cha awiriwa chinakula nkhondo isanayambe. Panalinso zida zotchedwa astra, zimene zinkaitanidwa ndi mawu opatulika, monga Pashupata imene mulungu Shiva anapatsa Arjuna, mmodzi wa a Pandava, komanso vyuha, ndiwo makonzedwe a asilikali pabwalo la nkhondo.

Chimene chimakweza ndakatuloyi pamwamba pa zinzake ndi chakuti imaika malamulo a nkhondo yachilungamo, kenako n'kuonetsa aliyense akuwaphwanya. Mbali ziwirizi zinagwirizana kuti wa pa galeta azimenyana ndi wa pa galeta mnzake, kuti wopanda chida ndi wothawa asaphedwe, ndiponso kuti oimba ng'oma ndi onyamula zida asakhudzidwe. Koma Bhishma, atatsogolera a Kaurava masiku 10, anagwa Arjuna atabisala kumbuyo kwa Shikhandi, amene nkhalambayo inakana kumulasa chifukwa anabadwa mkazi. Pa tsiku la 13 mnyamata Abhimanyu, mwana wa Arjuna, analowa m'makonzedwe ozungulira otchedwa chakravyuha asakudziwa potulukira, ndipo ngwazi zambiri zinamuunjirira. Drona, amene anatsogolera a Kaurava Bhishma atagwa, anataya zida atanamizidwa kuti mwana wake Ashwatthama wafa, pamene inafa inali njovu ya dzina lomwelo. Karna analasidwa akuzula gudumu la galeta lake limene linatitimira, ndipo Bhima wa a Pandava anathyola ntchafu ya Duryodhana, mkulu wa a Kaurava, ndi chibonga ngakhale kumenya kunsi kwa mchombo kunali koletsedwa. Ashwatthama anabwezera popha adani ali m'tulo usiku. Bhagavad Gita, mavesi 700 m'mene mulungu Krishna akulangiza Arjuna wokayika za dharma, ndiko kuti udindo ndi chilungamo, ili pa chiyambi cha nkhondoyi, ndipo kumapeto kwake kuli kulira kwa Gandhari, mayi wa a Kaurava, ndi amayi ena ofunafuna mitembo ya ana awo.

M'mabuku a Purana, amene anatsatira, nkhondo inabwerera kwa milungu ndi adani ake a Asura, koma ndi atsogoleri atsopano. Skanda, amene Atamil amamutcha Murugan, anakhala mkulu wa asilikali a milungu napha Taraka, ndipo mu Devi Mahatmya, ya cha m'ma 400 kapena 500 Khristu atabadwa, milungu yaimuna italephera inapereka zida zake kwa Durga, mulungu wamkazi amene anapha Mahisha, chiwanda cha maonekedwe a njati.

Nthanozi zinafalikira kutali ndi kwawo. Nkhondo za ku Kurukshetra ndi ku Lanka zinasemedwa pa makoma a Angkor Wat ku Cambodia m'zaka za m'ma 1100, mfumu Akbar inalamula kuti Mahabharata imasuliridwe m'Chiperisiya m'ma 1580 pa dzina lakuti Razmnama, ndipo akatswiri a ku Bhandarkar Oriental Research Institute ku Pune anagwira ntchito yoyerekeza mipukutu yake kuyambira 1919 mpaka 1966. Wayilesi ya kanema ya Doordarshan inaonetsa Ramayana kuyambira 1987 ndi Mahabharata kuyambira 1988, ndipo boma la India limapereka mphoto za masewero zotchedwa Arjuna kwa osewera ndi Dronacharya kwa aphunzitsi awo.

Ngakhale kuchuluka kwa asilikali ndi kuopsa kwa zida n'zimene zimakopa ambiri, phindu lenileni la nthanozi lili m'kulimba mtima kwa amene anazipeka, amene sanabise zolakwa za ngwazi zawo ndipo anaphunzitsa kuti wopambana nkhondo nayenso ayenera kuyankha mlandu wa njira imene anapambanira.