Kuunika ntchito za khonsolo ya Metangula pa chilengedwe cha nyanja

Kuunika zachilengedwe ndi kufufuza momwe ntchito ingakhudzire madzi, nthaka, mitengo, nsomba ndi umoyo wa anthu. Ambiri amayesa kuti zimenezi ndi za makampani a migodi okha, koma lamulo limagwiranso maofesi a boma. Mwa iwo muli khonsolo ya tauni ya Metangula, likulu la boma la Lago, yomwe idakhala município mu 1998.

Chifukwa chake

Metangula ili m'mphepete mwa Nyanja ya Niassa, ndipo madzi a mvula ochoka m'tauni amathera m'nyanjamo pamodzi ndi zonse zimene akokolola. Mtsinje wotulutsa madzi m'nyanjayi ndi umodzi wokha, Shire wa ku Malawi, motero zonyansa zikalowa zimakhalamo zaka zambiri. Madzi omwewo ndiwo anthu amamwa, kusamba ndi kuphamo usipa, utaka ndi chambo.

Mu 2011 boma lidalengeza kuti mbali ya Mozambique ya nyanjayi ndi malo otetezedwa, ndipo chaka chomwecho idalembedwa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ndi nyanja zofunika pa dziko lonse. Tisaiwalenso kuti mliri wa kolera umene udafalikira m'zigawo zambiri za dziko lino udayamba kuoneka m'boma la Lago mu Seputembala 2022. Kolera imayenda ndi madzi oipitsidwa ndi chimbudzi.

Zimene malamulo akunena

Ndime 90 ya malamulo aakulu a dziko imati nzika iliyonse ili ndi ufulu wokhala pamalo abwino komanso udindo wowateteza. Lamulo la zachilengedwe, Lei 20/97, limafuna kuti ntchito yomwe ingawononge malo ipeze chiphaso chotchedwa licença ambiental isanayambe.

Decreto 54/2015 imagawa ntchito m'magulu anayi. Gulu A+ ndi A ndi ntchito zoopsa kwambiri, zofuna kafukufuku wathunthu. Pa A+ akatswiri oima paokha amaunikanso kafukufukuyo. Gulu B limafuna kafukufuku wachidule. Gulu C ndi ntchito zazing'ono, zongofuna ndondomeko yosamalira malo. Khonsolo siyidzipatsa yokha chiphasochi: chimachokera ku akuluakulu a zachilengedwe a boma.

Decreto 94/2014 imapereka kwa khonsolo udindo wa zinyalala za m'tauni, ndipo imafuna kuti ikhale ndi pulani yolembedwa yozisonkhanitsira ndi kuzitayira.

Zoyenera kuyang'ana

Choyamba ndi dzala. Kodi lili patali bwanji ndi zitsime, mitsinje ndi minda? Nthawi ya dzinja madzi ake amalowera kuti?

Chachiwiri ndi zimbudzi za pamsika ndi padoko. Dzenje lokumbidwa pamchenga pafupi ndi gombe limatha kuipitsa madzi apansi.

Chachitatu ndi misewu ndi ngalande. Ngalande yoloza kumunda imakumba zigwembe, ndipo matope ofika m'nyanja amakwirira malo oswanirana chambo. Maenje okumbamo dothi la msewu akasiyidwa osakwirira amasunga udzudzu.

Chachinayi ndi kagawidwe ka malo omangapo. Malamulo a zamalo amateteza mamita 50 kuchokera pomwe madzi a nyanja amalekeza ikadzaza.

Mbali ya anthu

Pa ntchito za magulu A+, A ndi B, kufunsa anthu okhudzidwa ndi lamulo, ndipo msonkhano uyenera kulengezedwa kutatsala masiku 15. Mlimi, msodzi, mayi wogulitsa nsomba kapena mfumu ya mudzi ali ndi ufulu wolankhula, ndipo mawu awo amalembedwa mu lipoti. Amene amadziwa komwe madzi amadutsa mvula ikakula ndi eni dera, choncho kafukufuku wopanda mawu awo amakhala wopereŵera.

Ntchito ikayamba pafupi ndi munda kapena chitsime chanu, funsani zinthu zitatu: ili m'gulu liti, chiphaso chake chili kuti, ndipo msonkhano wa anthu udachitika liti. Mafunsowa mungawapereke kudzera kwa mlembi wa bairro, kwa mamembala a Assembleia ya município, kapena ku ofesi ya zachilengedwe ya chigawo ku Lichinga.